Chala Chopanda Inki

Zaka makumi atatu ndi zinayi
ndinadinda makalata pa positi ya pa Boma.
Tsiku lotsanzika anandipatsa wotchi yapakhoma
ndi botolo la fanta wofunda.
Wotchiyo ndinaipachika pabalaza,
ndiye inayamba kundiwerengera maola
amene ndinalibe nawo ntchito.

Ndinkadzukabe tambala woyamba,
kusita malaya, kupukuta nsapato,
kenaka n'kukhala pakhonde kuno ku M'baluku
kumaonerera akabaza akutsetserekera kumlatho.
Ena ankakweza dzanja, "Madala, mwadzuka?"
koma yankho langa linkapeza fumbi lokhalokha.
Mayi wa kunyumba anatsogola kale.
Ana ali ku Joni, mawu awo pafoni
amathamanga ngati akuthawa mvula.
Munthu umatha kuuma uli moyo
monga usipa woiwalika pathandala.

Lachiwiri lina, dzuwa likuswa mtengo,
ndinaima pamzere wolandirira ndalama
kumbuyo kwa Abiti Mwamadi, ogulitsa zitumbuwa.
Kamnyamata ka pawindo kanati, "Sainani apa."
Iwo anapereka chala chachikulu.
Kanaseka, kakuviika chalacho mu inki
ngati kakugwira mwendo wa nkhuku.
Njira yonse yobwerera
ankachipukuta pansonga ya chitenje,
inki osachoka.

Titafika pamtengo wa mango anaima.
"Inu a positi, dzina langali
limaoneka bwanji likagona pansi?"
Ndinatola kamtengo, n'kulilemba pamchenga.
Analiyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pakamwa.
"Kutalika konseku ndi ine?
Ndinkayesa ndine wochepa."

Usiku umenewo tulo sitinabwere.
Sinali nyamakazi.

Lero alipo asanu ndi anayi.
Amabwera ikatha swala ya masana,
ena ndi ana kumsana, ena ndi mamba m'zikhadabo.
Bolodi lathu ndi chitseko chakale cha bafa.
Che Ndembo, amene amasoka ukonde ali chitsinzinire,
amagwira choko ngati chinkhanira.
S wawo amayang'ana kumbuyo mpaka pano,
akuti mbedza imakola mbali iliyonse.
Asiyatu amafuna kudziwerengera okha
zimene dokotala amalemba m'buku la mwana.
Ndinawauza kuti zimenezo ngakhale ine zimandikanika,
tinaseka mpaka mbuzi zinathawa.

Musandiyese mngelo.
Ndimakalipa, ndimaiwala pamene tinalekeza dzulo,
diso lamanzere lachita ng'ala,
ndipo masiku ena mawondo amakana kutsika pakhonde.
Pamenepo amanyamula chitseko chija
n'kudzachiimika pafupi ndi mpando wanga.
Malipiro palibe. Nthawi zina thobwa m'chigubu,
nthawi zina utaka uwiri wokulunga m'nyuzipepala
imene Che Ndembo amayamba aiwerenga mutu wake
asanandipatse.

Makalata onse aja ndinadinda
anali a eni ake, ndinkangowapatsira njira.
Sindinatsegulepo ngakhale imodzi.
Pano ndiye ndikutsegula maenivulopu
amene anamatidwa zaka makumi asanu zapitazo,
pamene atsikana ankauzidwa kuti sukulu
siphika ndiwo.

Mwezi wathawu Abiti Mwamadi anadutsa pampanda
akuchokera ku Boma, atavala mpango watsopano.
Sanapereke moni.
Anangokweza chala chachikulu m'mwamba,
n'kuchitembenuza uku ndi uku kuti ndichione bwino.
Choyera.
Chopanda kadontho.
Ndinayankha ndi chifuwa chabodza
popeza mwamuna wamkulu salira pamsewu.

Wotchi ija inaima kalekale pa folo koloko.
Mabatire ake ndinawaswa ndi mwala,
makala ake tinadetsera bolodi.
Nthawi ndimaidziwa ndikamva mapazi
ndi mkangano wa zilembo ukubwera m'kanjira,
ndiye ndimafunafuna magalasi,
amene nthawi zambiri amakhala ali pamphumi.