Mphete Yanga Siya Pachala

Ndimayendetsa chikepe cha paphiri ku Valparaíso,
mabokosi awiri a matabwa pa njanji yotsetsereka,
lina likamakwera linzake likutsika.
Sabata ino ndilowa mbandakucha, ya mawa nditsekera usiku.
Pa ntchito yotere ndani angakumbuke piritsi
pa ola lomwelomwelo, tsiku ndi tsiku?
Ine ndinaiwala kawiri mwezi umodzi.
Kuiwalako lero kuli ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
dzina lake Millaray, mano awiri akutsogolo aguluka.
Ndimamukonda kufa.
Koma mng'ono wake ayambe wadikira.

Mzamba wa pachipatala cha m'tsinde mwa phiri, Mayi Oyarzún,
anandipanikiza ndi mafunso ngati wapolisi:
kodi ndimasuta, kodi ndimadwala mutu waching'alang'ala,
kodi kwathu alipo amene magazi anamuundanapo m'mitsempha.
Anandimanga lamba pamkono, nawerenga, nagwedeza mutu.
Ndiye anatulutsa kamphete kofewa, kopanda mtundu,
kangati chibangili cha khanda.
"Ukafinye ndi zala ziwiri, ukakankhire m'kati.
Milungu itatu kagone momwemo, wachinayi upume.
Koma usanamizike mwanawe,
kamatseka njira ya mimba, za matenda sikazidziwa."

Tsiku loyamba, mwendo umodzi pamphepete pa bafa,
kanandipulumuka m'zala, phuluuu,
mpaka kunsi kwa sinki.
Ndinagwada, ndinakatola, ndinakatsuka ndi madzi ozizira,
ndikuseka ndekha ngati wozungulira mutu.
Kachiwiri kanalowa osalimbalimba.
Ndinapita kuntchito monyang'ama ngati ndasenza mazira.
Pofika masana ndinali nditaiwala.
Aka kanali koyamba kuiwala popanda mlandu.

Sindinama, mwezi woyamba mawere anandiwawa,
fungo la girisi wa makina linandichititsa nseru,
timadontho ta magazi tinabwera tosaitanidwa.
Kenaka zii.

Amayi anga a Herminia anapeza ka mwezi wamawa mufiriji,
pambali pa batala.
Anavala magalasi, anawerenga bokosi lonse, ndi tizilembo tating'ono tomwe.
Ine chilili pakhomo, kudikira mvula ya mawu.
Iwo amene anabala asanu ndi awiri, naika m'manda awiri,
anangotsuka kakontena ka pulasitiki,
anaikamo bokosilo, natseka,
nalisuntha kutali ndi nsomba.
"Ine ndinkawerenga masiku ndi kupemphera," anatero.
"Mulungu sanandinamize. Masiku ndiwo."

Baltasar amakweza katundu kudoko,
amabwera akununkha mchere ndi dzimbiri.
Chaka chachitatu chino akulonjeza mphete,
akuti ngongole ya njinga yamoto ikatha.
Ndinamuuza, usadzipanikize bambo, ndili nayo kale,
ndipo ndinadziveka ndekha, popanda wansembe.
Sanaseke msanga.
Anafunsa ngati kangasochere m'thupi, kukafika kumtima.
Ndinamujambulira pa pepala lokulungira buledi
kuti kumeneko njira ndi yotseka,
kalibe kolowera.
Pepalalo analipinda, lili m'chikwama chake mpaka pano,
sindidziwa chifukwa.

Lachinayi lachitatu lililonse, naini koloko usiku,
foni imalira.
Ndimakakola ndi chala ngati mbedza,
ndimakabwezera m'kathumba kake, kukataya m'bini,
ndipo kwa sabata thupi limachita zake.
Lachinayi linalo, katsopano.

Tsiku lina sindidzatsegula kathumba katsopano.
Ndidzasankha ndekha mwezi wake, mwina lendi ikadzatsika,
mwina Millaray akadzasiya kulowa m'bulangete langa usiku,
mwina ayi.

M'mawa uno chifunga chinaphimba sitima zonse kudoko.
Mayi wina wa pakati, wotopa, anafika pachipata mochedwa,
dzanja limodzi pamsana, lina thumba la malalanje.
Belu linali litalira kale.
Ndinagwira chitseko, ndinamudikira,
ndinauza mnyamata wa sukulu kuti anyamuke pampando,
ndipo nditaona kuti wakhazikika
ndinakoka chitsulo, tinayamba kukwera.