Funsani Kuti Amachedwa Bwanji

Mphepo ya mu Januwale inagwetsa mtengo wa maapozi
kuseri kwa nyumba yathu ku Dingwall.
Ishbel anati, "Nkhuni izo."
Ine ndinati, "Mbale izo."
Tinasiyira pomwepo, tiyi n'kuzizira.

Makina anga akale osemera ndi a lamba,
makwerero a liwiro anayi basi.
Ukafuna kusintha, uzimitse, utsegule chivindikiro,
ukankhe lambayo ndi zala,
zala za nyamakazi izi, zokanika ngakhale batani la shati.
Ndinamangapo chipika chachiwisi, cholemera mbali imodzi,
n'kuyatsa.
Makina gwedegwede, kuyamba kuvina,
kuyenda okha pasimenti kulunjika kukhomo.
Chipika chinapulumuka, n'kundinong'oneza kukhutu podutsa,
zenera la shedi phwaa!
Galu wa a MacRae anauwa mpaka mdima.

Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinayendetsa sitima
panjanji ya ku Kyle: mvula, chisanu, agwape panjira.
Kuthamanga aliyense amatha.
Ntchito inali kulowa m'siteshoni
osataya tiyi wa munthu wa m'bogi lomaliza.
Zimenezo ndinaziiwala nditangovula yunifolomu.

Ku Inverness, m'sitolo yonunkha girisi ndi utuchi,
mtsikana wina, Morven, pensulo kukhutu,
anandionetsa makina awiri.
Obiriwira, otchipa, a chogwirira chokoka,
amasintha liwiro ali mkati moyenda, inde,
koma pansi pa maulendo mazana asanu pamphindi satsika.
Ndinaloza otuwawo: "Nanga awa amathamanga bwanji?"
Anaseka. "Bambo Munro, aliyense amafunsa zomwezo.
Funsani kuti amachedwa bwanji."
Anapotokola kabatani kakuda ngati chitsekero cha botolo,
chitsulo n'kuyamba kuzungulira mwaulesi,
moti ndinkawerenga zilembo zodindidwa pamenepo.
Makumi asanu. Zana. Mazana atatu.
Kulira kwake ngati mphaka wakhuta.
Anakanikizapo kathabwa kuti ndione:
ulesiwo unali ndi mphamvu m'kati.
"Makilogalamu makumi asanu ndi anayi," anatero,
akusisita msana wachitsulo. "Awa savina."

Kenako anatchula mtengo.
Osati wa maapozi uja, winawu,
wogwetsa munthu popanda mphepo.

Ndinatuluka, n'kukakhala m'galimoto,
kudya buledi wanga wa tchizi, mvula ikukanda pagalasi.
Ndinawerengetsera kuseri kwa envelopu, kawiri,
yankho osasintha.
Ndinaimba foni.
"Mazenera a kukhitchini aja angadikire chaka china?"
Foni zii.
Ndinamva wailesi yake, supuni ikugunda kapu.
"Ugulenso chotchinga kumaso," anatero.
"Nkhope yakoyo ndinaizolowera."

Tinawanyamula anthu atatu, tikupumira pakhomo.

Tsopano ndimanyamuka monga ndinkanyamukira pa Achnasheen,
pang'onopang'ono, khutu litatchera.
Tchizulo chimagogoda khungwa: kho, kho, kho,
chikupeza mtengo, chikupeza mphepo, chikupezanso mtengo.
Sindifulumira.
Chipika chikasiya kutsimphina, chikavomera kukhala chozungulira,
ndimawonjeza ndi chala chimodzi,
kugogoda kuja n'kusanduka mluzu,
timizere tonyowa n'kuuluka, kutera paphewa, m'ndevu, m'thumba,
tikununkhira zipatso zimene mtengowu sudzabalanso.
Pomaliza ndimatsitsanso, kuti sandipepala asapsereze.
Nthawi zina ndimatsitsa popanda chifukwa,
kungofuna kuona mizere ya zaka ikudutsa
ngati mapiri pazenera.

Mbale yoyamba inang'aluka patatha masabata atatu.
Ndinaiumitsa pafupi ndi moto, kupupuluma kwanga komwe kuja,
kumene kulibe kabatani.
Ishbel amaikamo makiyi ndi magalasi ake.
Pansi pake anapindirapo risiti,
ndipo mphepo ikaloweranso pazenera la kukhitchini
amaikweza mbaleyo, kuiyang'ana mng'alu,
n'kuibwezera osanena kanthu.