Mapepala Khumi ndi Limodzi

Bokosi lapepuka.
Ndaligwedeza pafupi ndi khutu
ngati munthu wofuna kudziwa machesi otsala,
kenako ndazima nyali, ndawerenga ndi zala:
khumi ndi limodzi.

Khumi ndi limodzi,
pomwe nyumba zodikira nyundo ku Doornfontein
sizikwana pa zala za manja ndi za kuphazi.

Sitolo ya ku Jeppe ija anaitseka chaka chatha,
lero akugulitsamo mawigi ndi zikwama za mafoni.
Ndinakwera minibasi ziwiri mpaka ku Randburg.
Refilwe wa pakauntala anandiyang'ana
ngati ndafunsa singano ya galamafoni.
"Pepala la siliva, lonyowetsa lija?
Limabwera pa sitima, malume. Mwina Okutobala.
Mwina."
Mtengo anaulemba pa kapepala
kuti pakamwa pake pasachite manyazi:
lendi ya chipinda changa ku Mayfair, miyezi iwiri.

Anzanga amati, bwanji osangojambula pa foni?
Ndinajambulapo.
Foniyo inapita ndi mnyamata wa mpeni kuseri kwa Park Station,
misewu itatu yathunthu m'thumba la jekete lake,
makonde, zipilala, ndi wotchi yoima pa folo koloko.

Bambo Kriel, amene ndinkawakolopera pansi
ndisanadziwe kusakaniza mankhwala,
ankati pepala lokhuthala la ulusi
ukalitsuka ola lathunthu m'madzi oyenda
lidzaperekeza maliro a zidzukulu zako.
Iwo anatsogola.
Zithunzi zawo zili m'kabati, sizinasuluke ngakhale pang'ono,
njerwa iliyonse ndi mthunzi wake,
ngakhale nyumbazo zinasanduka poimika magalimoto.

Chipinda changa chamdima ndi bafa.
Bulangete pawindo, thaulo pansi pa chitseko,
mabeseni atatu pa thabwa.
Magetsi akathima mdima ndi waulere Joni yense,
koma ine ndimafuna mdima wa diso limodzi lofiira,
ndiye ndimakhala pa ndowa, kudikira,
fungo la viniga likundiboola mphuno.

Ndani alandire pepala, ndani amanidwe?
Ndakhala woweruza wopanda mkanjo.
Banki yakale ya mikango iwiri pakhomo ili ndi oikonda,
aijambula kale ena.
Koma komboni ya mgodi kumwera kwa tauni,
komwe atsibweni anga a Lifeyo anagona zaka zisanu ndi ziwiri
pa bedi la simenti, nthawi ya Theba,
nabwerera ku Ntcheu ndi njinga, chipewa, ndi chifuwa chosatha,
iyo ilibe woilira.
Thalakitala yachikasu yaima kale pageti.
Mlonda wandiuza kuti Lolemba.

Usiku uno magetsi abwera.
Ndaika negetivu, ndawerenga mumtima:
imodzi, ziwiri, mpaka khumi ndi zinayi.
Pepala loyera lalowa m'beseni, ndikuligwedeza pang'onopang'ono
ngati woyeretsa mpunga.
Poyamba palibe kanthu.
Kenako denga, ngati mpweya pagalasi,
kenako mzere wa mawindo, chitseko chopendama,
manambala a zipinda opentedwa ndi dzanja lonjenjemera.

Ndalakwitsa. Khoma lada kwambiri,
mng'alu wa pakona wamira.
Kale ndikadaling'amba, nkutenga lina.
Lero ndalitsuka ola lonse,
mayi wa nyumba akugogoda, akuwerengera madzi ake.

Ndalipachika pa chingwe ndi mapegi a zovala,
ndipo ndi pomwe ndaona:
pawindo lachitatu pali mkono wa munthu
ukuyanika kabudula wa mwana.
Tsiku lojambula sindinauone.
Mlonda anati simukhala anthu.

Atsala khumi.
Ndatseka bokosi, ndalikulunga m'pulasitiki wakuda,
ndaliika pamwamba pa kabati, kutali ndi chinyezi,
pamodzi ndi pasipoti.
Mawa ndibwererako ndikagogode pachitseko chija,
ndikafunse dzina,
kuti kuseri kwa chithunzi, ndi pensulo,
ndisangolemba tsiku ndi msewu.