Kavalo wa Pakatoni

Lachitatu m'mawa ku Ulaanbaatar
utsi wa malasha wafunda mzinda wonse.
Kunja zonse n'zotuwa: msewu, thambo, ngakhale agalu.
Ana khumi ndi anayi avula nsapato zawo zaubweya,
masaya ali psuu ndi chisanu,
ndipo ine ndayala makadi anga pakapeti.

Masewerawa ndi osavuta.
Ndikakweza chule, onse adumphe n'kukuwa kuti wobiriwira!
Ndikakweza mwanapiye, wachikasu!
Nkhandwe ndi yofiira, khwangwala ndi wakuda bii.
Wolakwa asanduka ngamila,
azungulira chipinda atabereka mapilo awiri.
Khongorzul amalakwira dala. Amakonda mapilo.

Kenako kavalo.
Ndinamudula ndekha usiku pakatoni ya tiyi
n'kumupaka bulawuni mpaka chala kuwawa.
Onse akuwa, onse athamanga ngati akavalo,
kupatula Sukhbat,
amene anabwera mwezi watha kuchokera ku Zavkhan
ndipo sitinamumvepo akutchula mawu oposa atatu.

Ndikuti, Sukhbat, kavalo ndi wamtundu wanji?
Akuti, uti?
Ndikuti, uyu ndagwirayu.
Wamuyang'ana nthawi yaitali, ngati wogula pamsika.
Akuti, ameneyo sindikumudziwa.

Ndiye watulutsa manja m'thumba n'kuyamba kupinda zala.
Alipo wonga tiyi asanathire mkaka,
alipo wonga tiyi atathira mkaka.
Wina ndi phulusa la ndowe, mzere wakuda kumsana.
Wina umayesa ndi wakuda
mpaka dzuwa limuwombe m'nthiti, uone kuti munabisala moto.
Wina ndi udzu wa mwezi wachisanu ndi chinayi, miyendo yokha yoyera.
Mtundu uliwonse akuutchula ndi dzina lake,
mawu amene bambo anga ankawatafuna pakhomo pa hema
ine ndisanakwere nyumba zosanja n'kuwaiwala.

Zala zatha. Wabwereka chala chimodzi kwa Khongorzul.
Khumi ndi mmodzi.

Khongorzul akuti, ali kuti tsono?
Akuti, chipale chinagwa masiku ambiri.
Titawafukula, onse anali oyera.

Mpope wa madzi otentha ukugogoda pakhoma.
Palibe wadumpha.
Buku la aphunzitsi lili pashelefu,
koma ndikudziwa kuti tsamba limeneli mulibe.

Ndakhuthula bokosi la makirayoni pansi.
Ndi khumi ndi awiri okha, wobiriwira anathyoka kale.
Sukhbat wagwada, wapaka wofiira pamwamba pa wakuda,
wakanda ndi chikhadabo, wanyowetsa chala ndi malovu,
wapukusa mutu, wayambanso.
Anzake amuzungulira, mphuno zikuchucha,
aliyense akufuna kavalo wakewake.

Belu la nkhomaliro lisanalire
wadzuka, watola mapilo awiri aja,
wabwera nawo kwa ine osaseka n'komwe.
Aphunzitsi, akutero, munati bulawuni.

Ndagwada. Andibereketsa.
Ndazungulira chipinda kawiri.