Mabawuti Atatu

Makina ochapira anaima Lachitatu m'mawa,
madzi ali m'mimba, matewera ali m'kati.
Anangoti gu-gu-gu, kenako zii,
ngati munthu amene watsamwa nkhani ili pakati.

Mwezi wa Juni kuno ku Dedza
madzi a pampopi amaluma zala mpaka m'mafupa.
Velonika ali ndi ulusi pamimba,
anamwino anati asawerame, asanyamule ndowa,
koma mapasa zimenezo sazidziwa:
uyu akamaliza, uyo wayamba.

Ndinaimbira wokonza wa ku Lilongwe.
Anati kungobwera kudzaona ndi fote sauzande,
ya minibasi payokha.
Ndinati ndiimbanso.
Sindinaimbenso.

Ine ndine kalaliki,
zala zanga zimadziwa chidindo ndi mafayilo.
Komabe ndinazula pulagi kukhoma,
ndinakhwekhwerezera makinawo pakhonde,
ndi kutuma mwana kwa a Gelevazio okonza njinga
kuti andibwereke sipanala.
Anabwera nayo okha, ndi kampando kawo,
nakhala pansi pa mtengo wa mapichesi kuti aone bwino.

Chitsulo cha kumbuyo chitachoka
ndinapeza ukonde wa kangaude, mphemvu youma,
mawaya ofiira, abuluu, achikasu,
aliyense akupita kwawo osandiuza.
Ndinajambula chilichonse pafoni ndisanachikhudze
monga amachitira apolisi pamalo a ngozi.

"Mota yapsa," anatero a Gelevazio, osadzuka n'komwe.
Ndinainunkhiza. Fumbi lokhalokha.
"Ndiye lamba."
Lamba anali wamoyo kuposa wa thalauza langa.
"Ndiye alamu anu aja a ku Joni
anakutumizirani maliro m'katoni."

Ndinagona chagada pasimenti,
chisanu chikulowa nthiti imodziimodzi.
Ndinamasula paipi yakuda ya pansi,
ndipo madzi onse a Lachitatu anandipeza kumaso,
otuwa, a thovu, ndi zina zimene sinditchula.
A Gelevazio anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.
Velonika pazenera, dzanja pamimba:
"Inu, musandiseketse, ulusi uduka!"

Ndinapisa chala m'kapampu.
Munatuluka teni kwacha yachitsulo,
batani la malaya anga a kuntchito,
kenako chinthu chofewa, chopiringizika m'mapiko a pampu.
Ndinakoka pang'onopang'ono.
Kasokosi kobiriwira,
kotalika ngati chala changa chachikulu.

Ndi kaja tinakasaka m'nyumba monse sabata yatha,
kaja ndinakalipira nako Elufe, mwana wa achemwali,
kuti ndi wosasamala, kuti amangodya,
ndi mawu ena amene ndinaonjezera
chifukwa ndinali ndisanagone usiku unayi.
M'mawa mwake anamanga zovala zake m'chitenje
nabwerera ku Bembeke, tiyi osamwa.

A Gelevazio anafunsa chimene ndapeza.
Ndinati nsanza.

Kubwezera zinthu kunanditengera dzuwa lonse.
Nditamanga chitsulo cha kumbuyo
pansi panatsala mabawuti atatu.
Ndinayang'ana pafoni, ndinayang'ana makina,
sindinaone bowo lowafuna.
"Azungu amaika ambiri dala," anatero a Gelevazio,
akupinda kampando.

Ndinalowetsa pulagi. Ndinadina.
Zii.
Babu la pakhonde nalo zii.
Wailesi ya aneba zii.
Magetsi anali atapita kalekale, ine ndili pansi.

Anabwera cha m'ma thuu koloko usiku,
nkhungu itameza phiri lonse,
mmodzi wa mapasa ali paphewa langa.
Ndinadina ndi chala cha kuphazi.
Madzi analowa. Ng'oma inazungulira.
Kenako ndinamva paipi ikumeza, ikulavulira mungalande,
makina akunjenjemera, akusendera cha kuchitseko
ngati nawonso ali ndi ulendo.
Ndinawaponda ndi bondo, ndinaika katoni kunsi kwa mwendo.

Mabawuti aja ali m'sosala pazenera.
Matewera makumi awiri ali pachingwe, akukana kuuma.
Kasokosi ndakaumitsa pambaula,
kali m'thumba la jekete.
Velonika akuti ya ku Bembeke imadzaza msanga Loweruka,
ndipo ndisapite chimanjamanja,
ndigule shuga.