Timalemba Tiwiri

Kalasi yathu ili pamwamba pa shopu ya matayala
kuseri kwa siteshoni ya Basmane,
choncho Chingerezi chathu chimanunkha mphira
ndi tiyi wozizira m'matambula.
Lachiwiri ndi Lachinayi, magetsi a mu Izmir akayaka,
timakwera masitepe khumi ndi asanu ndi anayi,
ife amene ntchito inatithawa
ndi ana awiri amene sanaionebe nkhope.

Mutu wachisanu ndi chimodzi: Ntchito.
Woyendetsa ndege akumwetulira.
Dokotala akumwetulira.
Mayi wa chisoti chachikasu waloza nyumba yosatha,
mano onse pamtunda.
Ndinatembenuza tsamba, n'kutembenuzanso,
kufunafuna mkazi wowerama pa makina
amene wasoka makolala a mashati
zaka makumi awiri ndi ziwiri.
Mulibe.
Kapena anawerama kwambiri, kamera n'kumuphonya.

Aphunzitsi Ufuk, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri,
anandiloza ndi choko:
Mayi Nurhayat, mumagwira ntchito yanji?
Ndinatola mawu limodzilimodzi
ngati mapini omwazikira pansi pa tebulo
n'kunena m'chilankhulo cha eni: Ndimasoka.

Pepani, anatero, fakitale ija inatsekedwa.
Zimene zinatha zili ndi kanenedwe kake.
Ikani timalemba tiwiri kumchira kwa mneni,
tiwiri tokha basi.
Nenani: Ndinasoka.

Loko amene anakoloweka pageti tsiku lija
analinso wamng'ono chomwecho.

Cengiz, wophika wa m'sitima zakale,
anakhosomola n'kuyang'ana kuwindo.
Ilayda sanamve kanthu, milomo ikugwedera,
akuuza anthu a m'ndege ya m'mutu mwake
kuti amange malamba.

Pa sitima yowolokera ku Karşıyaka
ndimaloweza mafunso a pa pepala lobiriwira.
Kodi mumachita bwino pa chiyani?
Buku likuti: Ndimagwirizana ndi anzanga.
Zoona zake n'zakuti msoko wokhota
ndimauona uli tsidya lina la msewu.
Nanga chofooka chanu?
Buku likuti: Ndimalimbikira mopitirira muyeso.
Zoona zake ndi phewa lamanjali, kukazizira.
Mukudziona muli kuti zaka zisanu zikubwerazi?
Apa ndimatseka pepala
n'kuyang'ana mbalame zikulimbirana mkate m'malere.

Lolemba ndinavala nsapato za mchemwali wanga
kupita kuhotela ya pagombe
kumene akufuna woyang'anira chipinda chochapira.
Bwana wake ndi mayi wa dziko lina, Marijke,
wamtali, wolankhula ngati mvula ya padenga la malata.
Funso loyamba ndinaligwira ndi kumchira.
Lachiwiri linandipulumuka.
Ziganizo zonse za masabata asanu ndi anayi
zinatuluka pakhomo mondondozana, osatsanzika.

Ndinatsala ndi maso.
Ndipo maso anaona kolala ya bulauzi yake,
nsonga yakumanzere itapindikira m'mwamba
chifukwa wina, kwinakwake, atatopa,
anakoka ulusi mopitirira.
Chala changa chinanyamuka chisanandipemphe.
Iyi, ndinatero. Yolakwika. Ine ndikonza. Mphindi zisanu.

Palibe mneni amene ndinamuika mchira.

Anagwira kolala, anandiyang'ana,
anaseka kamodzi, mwina kawiri,
n'kulemba kanthu kakafupi pakona pa pepala.
Sindidziwa kuwerenga Chingerezi chozondoka.

Lero ndi Lachinayi. Foni ili duu
m'thumba la juzi, pafupi ndi kabokosi ka singano.
Pansipa anyamata akugogoda tayala la lole.
Ndakwera masitepe aja, phewa likung'ung'udza,
ndapeza Cengiz wandisungira mpando wa pafupi ndi chotenthetsera.
Aphunzitsi Ufuk afufuta bolodi ndi mkono wa shati,
kolala yawo nayonso si yabwino kwenikweni,
ndipo alemba mutu watsopano:
za mawa, ndi mmene tingazinenere.