Mizere Itatu Pakhoma

Akuti aliyense alembe mizere itatu,
aipachike pakhoma la pamakwerero:
dzina, kumene unaphunzira, zaka zimene waphunzitsa.
Atero Mayi Thirlby, eni sukulu yathu,
zipinda zinayi pamwamba pa sitolo yochapira zovala
muno mu Grimsby, mmene mphepo ya kunyanja
imalowa m'malaya osaodira.

Halina walemba kale:
Chipolishi, zaka khumi ndi ziwiri.
Sanatchulepo za fakitale yozizira
kumene ankasenda nsomba usiku wonse
mpaka zala zinaiwala kagwiridwe ka choko.
Loweruka amasonkhanitsa ana obadwira kuno
kuti achibale akaimba foni kuchokera kwawo
anawo asamangogwedeza mutu.

Bambo Idris ankagulitsa mankhwala ku Omdurman.
Mapepala awo kuno anawatembenuza kawiri
n'kuwabwezera mwaulemu.
Pano amalemba Chiarabu pabolodi
kuyambira kumanja, pang'onopang'ono,
ngati akuyeza madontho m'kabotolo.
Ukangotsokomola pomwera tiyi
amatula kapu, n'kufunsa: chayamba liti?

Gwilym ku koleji sanapondeko.
Chifalansa anachitola m'lole,
zaka makumi awiri pamzere wa ku Calais,
akukangana ndi a pachipata, akutafuna buledi wouma.
Ophunzira ake amatha kutukwana tayala lophulika
asanadziwe kupempha madzi akumwa,
koma palibe amene amajomba.

Langa pepala likadali mbee.
Ndilembepo chiyani?
Kuti Chingerezi ndinachiphunzirira ku Mkanda,
pansi pa mbawa, njerwa ili mpando,
kumene wolankhula chathu ankamuveka chigoba cha nkhono m'khosi?
Kuti ine ndinachivala Lachitatu lina mpaka poweruka
chifukwa ndinakuwa kuti njoka,
ndipo njokayo inalipodi?
Kuti ndaimapo pamaso pa ana zana ndi makumi awiri,
buku lili limodzi, lopanda chikuto,
mawu n'kundithera Lachisanu lisanafike?

Pano ndili nawo asanu ndi anayi okha.
Amabwera maso ali psuu, atachoka kuntchito,
wina akununkha sopo wa kuchipatala, wina mafuta a tchipisi.
Bambo wina tsiku loyamba anandisuzumira pakhomo
n'kupita kukafunsa ngati kulibe mphunzitsi weniweni.
Mayi Thirlby sanadzutse nkomwe mutu pa malisiti awo:
alipo, ndi amene mwamuonayo.

Dzina langa ndi Mang'anda.
Pakamwa pa anthu akuno limathyoka pakati
ngati nzimbe yofumbwa.
Halina yekha analilimbikira sabata yathunthu
ataima pa ketulo, ng'a, ng'a, ng'a,
mpaka linatuluka lathunthu
ndipo ndinatembenuka msanga, mtima uli phaa,
kuyesa wandiitana ndi munthu wakwathu.

Dzulo Semhar anakwera makwerero awiriawiri,
jekete lili chonyowa, mpweya uli m'mwamba.
Waimba yekha foni kwa dokotala.
Yekha, popanda kamwana kake ka zaka zisanu ndi zitatu
kumasulira za m'mimba mwa mayi ake.
Zimenezi zilowa pamzere uti?

Ikakwana seveni makina apansi amayamba kupota,
matebulo n'kumanjenjemera, tiyi n'kumavina m'makapu.
Tinazolowera. Timangokweza mawu,
zilankhulo zinayi kudutsana m'makoma opyapyala.

Ndalemba dzina. Ndalemba Mkanda, ngakhale sakudziwako.
Pamzere wachitatu cholembera chaima:
ndiwerenge zisanu ndi chimodzi za kuno zokha
kapena ndi za fumbi zija?
Bambo Idris asuzumira paphewa panga.
Lembani zonse, atero, zija sanakulandeni pabwalo la ndege.

Makumi awiri ndi zitatu.
Kamsomali kakukana kulowa m'khoma,
pulasitala wake ndi wakalekale, wouma gwa.
Gwilym wavula nsapato
ndipo akukhoma ndi chidendene.